Katundu Wanji? Mau kwa Banja Limene Mwana Wao Wayamba Kuyendetsa Lole

Makolo athu ambiri anali amtengatenga. Kale, njanji isanafike, katundu wolowa m'dziko muno ankakwera ndi mtsinje wa Shire pa sitima zapamadzi kufikira kunsi kwa mathithi. Pamenepo anthu ankamsenza pamutu, nakwera naye mapiri kufika ku Blantyre, natsikanso naye ku Matope, kumene madzi ayambanso kuyendeka. Kampani ya Mandala, imene inayamba m'chaka cha 1878, inalemba anthu ochuluka pa ntchito imeneyi. Tsono mtengatenga aliyense ankadziwa chinthu chimodzi chimene sanachiphunzire kusukulu, ndicho chakuti akatundu awiri angathe kulemera chimodzimodzi, koma osalingana kuwawa kwake. Mtolo wa nsalu ukhazikika bwino pankhata. Bokosi la zitsulo litupitsa phewa. Thumba la mchere likanyowa ndi mvula lisungunukira pamsana, ndipo pofika kapitao afunsa kuti mchere wina wapita kuti. Chifukwa chake munthu wochenjera ankalawira m'mamawa ku nyumba ya katundu, kuti asankhe mtolo wake anzake asanadze.

Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo umtengatenga wa pamutu unatha pang'onopang'ono. Koma ntchito yake sinathe iai. Inangotsika pamutu nikwera pa lole. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, kotero kuti mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi zitsulo zichokera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban, ndipo zambiri mwa izo zidzera pamsewu. Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo zathu zitulukira njira zomwezo. M'midzi yambiri masiku ano muli mnyamata amene abale ake anagulitsa mbuzi, kapena kupatula ndalama za fodya, kuti akaphunzire kuyendetsa galimoto yaikulu. Ndipo atabwera ndi laisensi m'thumba, banja lonse likhala pakhonde kumvera za Scania ndi Volvo ndi Howo, kuti yamphamvu pachitunda ndi iti.

Funso lofunika si limenelo. Galimoto ndi ya bwana, ndipo bwana angathe kuisintha mawa. Chimene chidzalamulira moyo wa mnyamatayo ndicho chimene chidzakhala kumbuyo kwake. Katundu ndiye anena njira imene adzayenda, masiku amene adzagona kunja, ngozi imene idzamlonda, ndi anthu amene adzamuimitsa usiku namnong'oneza za malonda. Chifukwa chake inu atate ndi amai, ndi inunso akazi a madalaivala, munthu wanu akati, "Ndapeza ntchito," mumfunse msanga kuti, "Udzanyamula chiyani?"

Tidziwe poyamba kuti laisensi yomwe iika malire. A Road Traffic apereka zilembo zosiyana: C1 ndi ya lole yosapitirira matani 16 pamodzi ndi katundu wake, C ndi ya lole yoposa pamenepo, ndipo EC ndi ya thiraki yokoka ngolo yaitali. Pamwamba pa izi, woyendetsa pa malipiro ayenera kukhala ndi chilolezo china cha ntchito, chimene chinena ngati aloledwa kunyamula katundu wamba, anthu, kapena katundu woopsa monga mafuta. Ya mapepala ndi imeneyi, ndipo ndi yaifupi. Yaitali ndi ya katunduyo.

Matumba

Mphunzitsi wabwino wa dalaivala watsopano ndiye thumba. Chimanga, feteleza, simenti, shuga ndi soya ziyenda m'matumba a makilogalamu 50, pa lole yopanda denga yophimbidwa ndi tenti. Thiraki yonyamula matani 30 itenga matumba 600, ndipo matumba 600 omwewo ayenera kutsika kumene apita. Apa mnyamata aphunzira phunziro loyamba, loti asasaine pepala asanawerenge yekha. Opakira afulumira, aimba, athamanga ndi thumba pamutu. Iye akakhala m'galimoto kumvera wailesi, adzasainira 600 atalandira 594, ndipo matumba 6 osowawo adzadulidwa pa malipiro ake.

Phunziro lachiwiri ndilo kuyala katundu. Lamulo silola galimoto yolemera kuposa matani 56 yonse pamodzi. Koma a pa sikelo, monga ya ku Balaka, ya ku Mwanza ndi ya ku Songwe, sayesa kulemera konseko kokha iai, ayesanso cholemera chimene chagwera pa gulu lililonse la matayala. Munthu angathe kukhala ndi katundu wa muyeso wololedwa, nalipitsidwa ndithu popeza matumba anaunjikana kumbuyo. Ubwino wa matumba ndi uwu, kuti cholakwa chotere chioneka ndi maso, ndipo chikonzeka ndi manja: asuntha matumba makumi awiri kunka kutsogolo, nayesanso.

Ndipo pali mvula. Simenti ikanyowa isanduka mwala. Feteleza akanyowa asungunuka, nadya chitsulo cha galimoto ngati sichitsukidwa. Chimanga chonyowa chichita chuku m'masiku owerengeka. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje akoka fungo la chilichonse, kotero kuti sangaikidwe pa galimoto imene dzulo inanyamula usipa. Kumanga tenti tsono ndi luso limene akulu a ntchitoyi ayesera nalo mnyamata. Matenti akakhala awiri, ayamba kuyala ya kumbuyo, kuti ya kutsogolo ikhale pamwamba pake, mphepo ndi madzi zisapeze polowera. Atayenda pang'ono aima, namanganso zingwe, pakuti matumba agwedezeka nakhazikika, ndipo chingwe chimene chinali cholimba pochoka chakhwepa.

Ndi matumba omwewa munthu aphunzira phiri. Amene atenga shuga ku Nchalo akwera chitunda cha Thabwa kuti afike ku Blantyre, ndipo amene apita ndi feteleza ku Chikwawa atsika chitunda chomwecho. Wopita ku Karonga akumana ndi mtsetse wa ku Chiweta, wokhotakhota kunka kunyanja. Lamulo la akale ndi loti utsike ndi giya imene ukadakwera nayo, injini igwire galimoto. Pakuti mabuleki akapondedwa kosalekeza atentha, ndipo akatentha saluma. Katundu wa matumba akhala pansi, sasuntha, motero akhululukira cholakwa chaching'ono cha wophunzira. Tidzaona kutsogoloku kuti katundu wina sakhululuka chomwecho.

Zoipa zake ziliponso. Malipiro a ntchito imeneyi ndi ochepa kuyerekeza ndi a maulendo akunja. Ntchito yake itsata nyengo: feteleza afunika mvula isanagwe, chimanga chiyenda anthu atakolola, ndipo pakati pake galimoto ingathe kuima. Misewu ya kumidzi m'dzinja ititimiza lole mpaka tsiku lathunthu. Usiku pachitunda, pamene galimoto iyenda ngati nkhalamba, akuba akwera kumbuyo, nang'amba tenti ndi mpeni, nagwetsa matumba m'mbali mwa msewu dalaivala osamva kanthu. Koma wonyamula matumba m'dziko momwemuno agona kwao kawirikawiri, alankhula chinenero chake pa zipata za apolisi, ndipo galimoto ikafa ali pafupi ndi anthu omdziwa.

Fodya ndi zowola

Fodya ndi katundu wa konkuno, koma ali ndi khalidwe lakelake. Misika yake ili ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, ndipo itsegulidwa mvula ikamatha, cha mu April, nikhala miyezi ingapo. Belo limodzi lilemera pafupifupi makilogalamu 100, ndipo mabelo asanjikidwa kunka m'mwamba, kotero kuti lole ipendekeka pa misewu ya m'minda. Mabelo a pa lole imodzi ndi a alimi ambiri, lililonse ndi nambala yake. Inu amene mulima fodya mudziwa nokha kuti belo lililonse ndi thukuta la banja la chaka chathunthu, ndi kuti limodzi likanyowa kapena kusokonezeka ndi la wina, mlandu wake suthera pamsika koma ufika kwa mfumu.

Chovuta chachikulu cha fodya sichili panjira koma pachipata cha msika. Zaka zina malole akhala pamzere masiku ambiri kudikira kutsitsa, dalaivala nagona m'galimoto kulonda mabelo. Ngati alipidwa pa ulendo osati pa mwezi, masiku onsewo adya ndalama zake zomwe. Nkhani imeneyi ya kudikira muisunge, pakuti idzabweranso.

Za zowola tinene pang'ono. Tomato ndi kabichi za ku Ntcheu, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano ndi ku Dedza, nsomba za ku Mangochi: izi ziyenda usiku kuti zifike pamsika kusanache, ndipo mwini katundu kawirikawiri akhala pambali pa dalaivala kumfulumiza. Tayala likaphulika, phindu lake liwola ali chipenyere. Ng'ombe za ku Nsanje ndi ku Chikwawa zifuna kalata ya alangizi a ziweto, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma liletsa kuzitulutsa. Ndiponso ng'ombe ndi katundu wokhala ndi miyendo. Zikasunthira mbali imodzi pokhota, lole itsata. Mnyamata wosakhwima mtima, amene sangathe kuuza munthu wamkulu kuti, "Pepani bambo, sindithamanga kuposa apa," ayambe wakhala kutali ndi katundu wofulumiza.

Kuoloka malire

Maso a anyamata ambiri ali pa kontena, bokosi lalikulu lachitsulo la mapazi 20 kapena 40 limene lichoka pa sitima yapanyanja nikhala pa ngolo ya thiraki. Ntchito yake ioneka yaukhondo. Palibe tenti, palibe kuwerenga matumba; chitseko chitsekedwa ndi kachitsulo ka nambala kotchedwa seal, ndipo udindo wa dalaivala ndi wakuti kachitsuloko kafike kosadulidwa, nambala yake yolingana ndi ya papepala. Komatu iye saona za m'kati. Ngati opakira a kutsidya la nyanja anaunjika zolemera mbali imodzi kapena pamwamba, adzazidziwira pokhota.

Tiwerenge njira. Kuchoka ku Blantyre kunka ku Beira ndi makilomita oposa 800: munthu atulukira pa Mwanza, nalowa m'Mozambique pa Zobue, naoloka Zambezi ku Tete, kumene magalimoto olemera adzera pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa m'chaka cha 2014, napitirira pa Changara ndi Chimoio. Kuchoka ku Lilongwe kunka ku Dar es Salaam, kudzera pa Songwe, ndi makilomita oposa 1,500. Wa ku Durban apyola 2,000, naoloka malire katatu, pa Mwanza, pa Nyamapanda polowa m'Zimbabwe, ndi pa Beitbridge polowa m'South Africa. Maiko onsewa ayenda kumanzere kwa msewu monga ife, koma chinenero chisintha: ku Mozambique wapolisi afunsa m'Chipwitikizi, ku Tanzania m'Chiswahili.

Makilomita amenewa sindiwo atalikitsa ulendo. Thiraki ingathe kufika ku Beira m'masiku awiri. Chotalikitsa ndi kudikira: kudikira padoko kuti katundu atuluke, kudikira pachipata kuti mapepala a msonkho akonzeke, kudikira ku tsidya lija kuti papezeke katundu wobwerera naye, popeza bwana safuna kutentha dizilo pa ngolo yopanda kanthu. Ulendo wa masiku anai papepala usanduka wa masabata awiri kapena atatu. Ndalama ya panjira imene inaoneka yambiri pochoka igawidwa tsono pa masiku onsewo, m'dziko la eni, kumene nsima ndi madzi osamba zigulidwa. Chifukwa chake tinena kuti malipiro a dalaivala asawerengedwe pa ulendo koma pa tsiku. Mutenge ndalama zonse za ulendo, muchotse zimene adya panjira, mugawe zotsalazo ndi masiku amene sanagone kwao. Mukatero mudzaona kuti nthawi zina wonyamula simenti pakati pa Blantyre ndi Lilongwe sasiyana kwambiri ndi wa ku Durban.

Njira zakunja zili ndi mbiri yakenso. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha m'chaka cha 1992, magalimoto odzera ku Tete ankayenda pamndandanda woperekezedwa ndi asilikali, ndipo madalaivala ena sanabwerere. M'chaka cha 2016 mfuti zinaliranso pa msewu wochokera ku Beira, ndipo magalimoto ena a ku Malawi anatenthedwa. M'mwezi wa March 2019 namondwe wa Idai anadula msewu wolowa m'Beira, magalimoto naima masiku. M'chaka cha 2020, pa mliri wa Covid-19, madalaivala ankayezedwa pa zipata, nakhala pamizere yaitali, anthu ena nawathawa ngati onyamula matenda. Zoterezi sizichitika chaka chilichonse, koma zikachitika zipeza munthu ali kutali ndi kwao.

Ndipo chilipo china chimene mabanja achita nacho manyazi kunena. Mwamuna wogona panjira masiku makumi awiri pa mwezi asiya munda, ana ndi maliro a pamudzi m'manja mwa mkazi yekha. Pa malo oimapo magalimoto pali mowa ndi akazi oyendayenda, ndipo Edzi inalowa m'nyumba zambiri kudzera pa khomo limeneli. Sitinena kuti dalaivala aliyense agwa. Ambiri asunga mabanja ao bwino lomwe, namanga nyumba za malata, naphunzitsa ana. Koma mnyamata amene wangokwatira chaka chino, mkazi wake ali ndi pakati poyamba, asasankhe yekha njira ya ku Durban. Akhale pansi ndi mkaziyo, ndipo ankhoswe amve.

Thanki ya mafuta

Tafika pa katundu amene alipira koposa, ndi amene tifuna kuti mnyamata amfikire potsiriza. Thanki imodzi inyamula malita 30,000 kapena kuposerapo a petulo kapena dizilo, kuchokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Ntchito yake siitsata nyengo, pakuti dziko limwa mafuta chaka chonse. N'chifukwa chake ambiri aikhumba.

Mai aliyense amene anasenzapo ndowa yosadzaza adziwa chinsinsi cha thanki. Madzi akakhala ndi malo, akhavukira uku ndi uku, ndipo ukaima mwadzidzidzi, iwo sanaime. Momwemonso mafuta. Dalaivala akaponda buleki, matani oposa makumi awiri a petulo athamangira kutsogolo nakankha galimoto. Akakhota mofulumira, akwera khoma la thanki mbali imodzi, nakweza matayala a mbali inayo. Opanga matanki aikamo zipinda ndi zotchinga kuti achepetse mphamvu imeneyi, koma saithetsa. Ndiponso thanki ikhala pamwamba, kotero kuti liwiro limene lole ya matumba ikhota nalo bwinobwino lingathe kugubuduza thanki. Dzanja lofewa pa chiongolero ndi phazi lodekha pa buleki sizibwera ndi laisensi. Zibwera ndi zaka.

Chachiwiri ndi muyeso. Petulo afufuma akatentha, nachepa akazizira, pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 pa digiri iliyonse. Tsono malita 30,000 othiridwa masana ku Beira kotentha, akayesedwa m'mawa kozizira ku Lilongwe atatsika madigiri 10, aoneka ngati achepa ndi malita pafupifupi 300, ngakhale palibe anakhudza. Eni malo otsitsira adziwa zimenezi, ndipo ayesa kutentha kwa mafuta nakonza chiwerengero. Koma dalaivala wosadziwa kuwerenga pepala limenelo, ndi wosaima pomwepo poyesa, adzadulidwa ndalama za mafuta amene sanabe. Asanavomere ntchito ya thanki, afunse kuti kuchepa kololedwa ndi malita angati, ndi kuti kopitirira apo alipira ndani.

Chachitatu ndicho choopsa koposa. Thumba la simenti lilibe wolifuna pakati pa thengo usiku, koma petulo ali ndi wogula pamudzi uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Anthu a zigubu adziwa malo oima matanki, ndipo mau ao ndi okoma: malita ochepa okha, bwana sadzadziwa, anzako onse achita. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 17 November 2016, pamudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, thanki ya petulo imene inali paulendo wochokera ku Beira kudza ku Malawi inali itaima padera pa msewu waukulu, ndipo anthu a m'midzi anaizinga ndi zigubu ndi ndowa kutunga mafuta. Thankiyo inaphulika. Anthu oposa 70 anafa, ana ali pomwepo, ndipo ena oposa 100 anapsa. Chipatala cha ku Tete chinadzaza, ndipo ena mwa opsawo anafa m'masiku otsatira. Petulo sayaka ngati nkhuni, poyambira pamene pali moto pokha. Mpweya wake ulemera kuposa mphepo, uyenderera pansi osaoneka, nufika pa mbaula kapena pa ndudu ili patali. Ndipo thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya umenewu ndi yoopsanso.

Mau awa apite kwa inunso a m'midzi ya m'mbali mwa msewu, amene mulibe mwana woyendetsa galimoto. Thanki ikagwa pafupi ndi kwanu, musatume ana ndi zigubu. Muwatenge, muthawe nao kumtunda ndi kumene mphepo ichokera.

Katundu wosalembedwa papepala

Pali akatundu ena amene bwana sanawatume, amene adzipereka okha panjira. Galimoto ikabwerera yopanda kanthu, munthu aimika dzanja nati, "Achimwene, tithandizeni matumba awa a makala, tikupatsani ya sopo." Lamulo la nkhalango liletsa kunyamula makala opanda chilolezo, ndipo chilango chake chinakwezedwa m'chaka cha 2020, khoti lingathe kulanda galimoto yomwe. Taganizani mnyamata wa miyezi itatu pa ntchito akuimba lamya kwa bwana wake kuti thiraki ya mamiliyoni ili m'manja mwa boma chifukwa cha makala. Katundu wa malonda wobisika pansi pa tenti kuti azembe msonkho pachipata ali ndi mathero omwewo.

Woipitsitsa ndi katundu wa anthu. Dziko lathu lili pa njira ya anthu ochokera ku Ethiopia ndi maiko oyandikana nalo, amene afuna kukafika ku South Africa mobisika, ndipo owatsogolera alipira ndalama zambiri kwa dalaivala wovomera kuwatsekera m'kontena. M'mwezi wa March 2020, akuluakulu a boma la Mozambique anaimitsa thiraki yochokera ku Malawi m'chigawo cha Tete, natsegula kontena yake. Anapezamo anthu 64 atafa chifukwa chosowa mpweya, ndi amoyo 14 okha. Kontena inapangidwa kuti madzi a panyanja asalowe. Mphepo yokwanira anthu silowanso. Amene anafawo anali ana a eni.

Poyambira

Nanga mnyamata wathu ayambire pati? Ife tiyesa kuti ayambe ndi matumba, m'dziko momwemuno, ngakhale pa lole ya matani 10 yonyamula chimanga kuchokera ku misika ya kumidzi. Akapeza mwai wokhala wothandiza wa dalaivala wamkulu pa maulendo akunja, asaunyoze chifukwa ali ndi laisensi yake; pampando wa kumanzerewo adzaphunzira mapepala a pachipata, malo abwino ogona ndi malo osayenera kuima, ndi mau oyamba a Chipwitikizi, popanda mlandu kukhala pamutu pake. Apyole dzinja limodzi kapena awiri, adziwe matope ndi chifunga cha ku Dedza ndi ku Chikangawa. Pambuyo pake kontena. Thanki idze pamene eni matanki omwe ayamba kumfunsa, pakuti makampani osamala safuna kupereka mafuta kwa munthu wopanda zaka pa chiongolero, ndipo bwana amene apereka thanki kwa wophunzira dzulo aonetsa kuti sasamala za galimoto yake, nanji za moyo wa mwana wanu.

Tidziwa kuti ntchito ndi yosowa, ndi kuti kawirikawiri mnyamata sasankha koma alandira chimene chapezeka. Ngakhale zili tero, kufunsa sikuletsedwa. Safunsa anadya phula. Afunse ngati malipiro ndi a pamwezi kapena a paulendo, ndi ngati masiku odikira pachipata awerengedwa. Afunse kuti chindapusa cha pasikelo alipira ndani pamene wopakira ndi bwana yemwe. Afunse za inshuwalansi, ya katundu ndi ya thupi lake lomwe, ndi kuti akadwala malungo ku Chimoio adzamtenga ndani. Mayankho alembedwe papepala, ndipo pepala lina litsale kunyumba.

Kunyumbako mkazi kapena mai ake asunge m'kope nambala ya galimoto ndi ya ngolo yake, dzina la kampani ndi lamya ya ofesi yake, njira imene wadzera, ndi tsiku limene ananena kuti adzaoloka chipata. Lamya za m'manja zingathe kuleka kugwira munthu akaoloka malire ngati sanagule khadi la dziko limenelo. Tsono apangane asananyamuke kuti akafika pa Zobue kapena pa Kasumulu adzaimba, ndi kuti pakapita masiku angati osamveka, a kunyumba ayambe kufunsa ku ofesi.